Kodi mchenga umasungunuka pa kutentha kotani?

Wophunzira wina wa Fomu 3 walemba kuti anaona amisiri opanga mapoto akuthira aluminiyamu wosungunuka m'chikombole cha mchenga, ndipo akufuna kudziwa chifukwa chake mchengawo sunasungunuke, komanso ngati ayenera kuloweza manambala onse a kutentha pokonzekera mayeso a MSCE.

Mwana wanga, zimene unaonazo zili ndi yankho lako kale. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 a Celsius, kutentha kumene moto wa makala wokolezedwa ndi mvukuto umafika popanda vuto, pamene mchenga, umene mbali yake yaikulu ndi silica (silicon womangana ndi okosijeni), umafuna madigiri pafupifupi 1,700. N'chifukwa chake mmisiri amatsendera mchenga wonyowa pang'ono mozungulira mphika wakale, n'kuchotsa mphikawo, n'kuthira chitsulo chamadzi m'malo otsalawo, ndipo chikazizira amaphwanya chikombole n'kugwiritsanso ntchito mchenga womwewo. Ngakhale mkuwa, wosungunuka pa madigiri 1,085, ndi chitsulo chenicheni, pa madigiri 1,538, amaziumba m'zikombole za mchenga.

Pa nkhani ya kuloweza, ine ndimalangiza kuti usunge manambala ochepa koma umvetse chimene chimawasiyanitsa. Madzi oundana amasungunuka pa madigiri 0 ndipo kandulo imayenderera pa madigiri ozungulira 60, chifukwa timagulu ta maatomu ake timangogwirana mofooka. Mchere wa m'ndiwo umafuna madigiri 801 popeza tizigawo take timakokana mwamphamvu ya magetsi. Mu mchenga, atomu iliyonse ya silicon yamangidwa ku maatomu anayi a okosijeni, ndipo kumangana kumeneku kumapitirira m'kambewu konse ka mchenga ngati ukonde wopanda polekezera, kotero kuti kuusungunula n'kudula zomangira zolimba zosawerengeka. Funso la Chemistry kawirikawiri limafuna kuti ufotokoze chifukwa chimenechi.

Pali msampha wina umene chinenero chathu chimatchera ophunzira ambiri. Timati mchere wasungunuka m'madzi, timatinso mtovu wasungunuka pamoto, koma m'Chingelezi cha pamayeso choyambacho ndi dissolving ndipo chachiwiri ndi melting. Mchere wa m'ndiwo zowira sunafike pa madigiri 801, wangomwazika m'madzi. Ndaona ana anzeru akutaya mamalikisi pa kusiyana kumeneku.

Opanga magalasi amazemba kutentha kwa mchenga pousakaniza ndi soda ash (ufa woyera wa mtundu wa soda) ndi miyala ya laimu, ndipo chisakanizocho chimasungunuka m'ng'anjo ya madigiri pafupifupi 1,500, zimene zimachepetsa mafuta ofunika poyatsa ng'anjoyo. M'madambo a ku Mchinji muli mchenga woyenera ntchito imeneyi.

Ngati mafunso otere amakusowetsa tulo, limbikira Masamu, Physics, Chemistry ndi Chingelezi, chifukwa ndiwo amatsegula khomo la maphunziro a metallurgy, sayansi ya zitsulo, ku yunivesite ya MUBAS mumzinda wa Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo. Amene manja ake amathamanga kuposa cholembera angathe kuphunzira kuwotcherera zitsulo m'makoleji a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA. Pakadali pano, bwerera kwa amisiri aja, uime patali ndi ng'anjo, ndipo uwafunse chifukwa chake salola kuti mchenga wa chikombole unyowe kwambiri.