Funsani Dokotala: Anawakana chipukuta misozi cha ku Theba, chifuwa chikukulirabe

A Dokotala, bambo anga ali ndi zaka 69. Anapita ku Joni kudzera ku Theba, n'kugwira ntchito pansi pa mgodi wa golide ku Welkom kuyambira 1978 mpaka 1987. Zaka zitatu zapitazo anawajambula pachifuwa, kenako kunabwera kalata yoti alibe matenda oyenera chipukuta misozi. Panopa akutsokomola usiku wonse, pochokera kudimba amaima kawiri pakamtunda, thalauza likuwavuka, m'mawa bulangete limakhala lonyowa ndi thukuta. Timawagulira mkaka tsiku lililonse poti amati umatsuka fumbi, komanso Bactrim wa pagolosale. Apilo timapanga bwanji? Ndine mwana wawo, ku Dedza.

Zikomo. Mwafunsa za apilo, koma m'kalata yanu ndamvamo mantha awiri: oti bambo angatisiye ndalama zisanafike, ndi oti kalata ija yawasandutsa ngati munthu wonamizira matenda. Sakunamizira. Fumbi la miyala ya m'migodi ya golide limayambitsa matenda otchedwa silicosis, ndipo matendawa amatha kuonekera patapita zaka 20 kapena 30 munthu atasiya ntchito. Amapitiriranso kukula ngakhale munthuyo akungolima fodya kumudzi. Chithunzi cha zaka zitatu zapitazo chinanena za mapapo a nthawi imeneyo basi.

Za mkakazi ndazimva kwa madala ambiri amene anagwira ntchito kumigodi, ndipo ena amakwiya ndikawatsutsa. Mkaka ukadutsa pammero umapita m'mimba. Fumbi linalowera njira ina, ya mpweya, n'kukakhazikika m'timatumba ting'onoting'ono ta m'mapapo. Ziwirizi sizikumana. Ndipo ngakhale zikanakumana, chimene chikuwabanikitsa bambo lero ndi zipsera zimene fumbilo linasiya. Asilikali a m'thupi amameza tinthu ta fumbito, amalephera kutigaya, amafa, pamalopo n'kuuma gwa. Mapapo amene amayenera kufutukuka ngati chibaluni amayamba kukhala ngati chikopa chouma. Chipsera cha moto pamkono mungachichotse ndi mkaka? Ngati bambo amaukonda, azimwa ndithu, ndi chakudya chabwino kwa munthu amene akuwonda. Koma ndalama ya mkaka wa sabata imodzi ikanakwana yokwerera minibasi kupita kuchipatala cha boma, ndipo ulendo umenewu mwauchedwetsa.

Chondidetsa nkhawa ine ndi thalauza ndi bulangete lija. Silicosis payokha siichita kumunyowetsa munthu thukuta usiku uliwonse. Kutsokomola kopitirira masabata awiri, kuwonda ndi thukuta la usiku, ife timaganiza za TB mpaka titayeza. Mapapo a silicosis amagwidwa TB mosavuta, pafupifupi katatu kuposa a munthu amene alibe silicosis. Bactrim sapha TB. Ena akaona kuti sizikusintha amathamangira mankhwala ena otchedwa ciprofloxacin, amene ndi woopsa kwambiri pa nkhaniyi chifukwa amaigoneka TB kwa masabata angapo, munthu n'kumati wachira, kuyeza kwake n'kuvuta. Siyani kugula mankhwala pagolosale.

Sabata ino apite nawo kuchipatala. Akayezetse makhololo ndi makina a GeneXpert, ajambulidwenso pachifuwa, ayezetse magazi a HIV ndi shuga. Kuyeza TB ndi mankhwala ake n'zaulere m'zipatala za boma, ndipo mankhwalawo amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa. Ikapezeka, onse ogona nawo nyumba imodzi ayezedwe, makamaka tidzukulu tosakwana zaka 5. Polowa kwa dokotala musangoti "akutsokomola". Nenani kuti anakhala pansi pa mgodi wa golide zaka 9, ntchito yake inali yanji, kaya yoboola miyala kaya yokoka ngolo, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'buku lawo la kuchipatala. Wowerenga chithunzi akapanda kudziwa za mgodi, timadontho ta silicosis amatha kutiyesa zipsera za TB yakale.

Apilo yanu ikuyambira pomwepo, chifukwa oweruza nkhanizi samva kudandaula, amafuna umboni watsopano: chithunzi chatsopano, zotsatira za makhololo, ndi spirometry, kuyeza kumene munthu amauzira mpweya mwamphamvu m'kachubu kuti aone mmene mapapo akugwirira ntchito. Ngati ili TB, spirometry yoyenera imachitika atamaliza mankhwala.

Yang'anani pamwamba pa kalata ija kuti inachokera kuti, chifukwa njira zilipo ziwiri. Ina ndi ya boma la South Africa, pansi pa lamulo la 1973, kudzera ku ofesi yoona za matenda a kumigodi yotchedwa Medical Bureau for Occupational Diseases ku Johannesburg. Lamulo limeneli limalola munthu amene anagwirapo ntchito mumgodi kuyezedwanso zaka ziwiri zilizonse, ndiye kukanidwa kamodzi sikutseka khomo. Inayo ndi Tshiamiso Trust, yolipira amene anadwala silicosis kapena TB kumigodi, imene inabadwa khoti la ku Johannesburg litavomereza mu 2019 mgwirizano wa ndalama za ku South Africa zokwana R5 biliyoni pakati pa amene anagwira ntchito kumigodi ndi makampani 6 a golide. Imaona za amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, choncho zaka za bambo zili mkati, chatsala n'kuona ngati mgodi wawo uli pamndandanda. Kotsutsa chigamulo kumakhala ndi masiku oikika, ndiye werengani kalatayo bwinobwino. Ngati masikuwo anadutsa, pemphani kuyezedwa kwatsopano. Fufuzani m'sutikesi yawo nambala ya ku Theba, pasipoti yakale ndi kapepala kalikonse ka malipiro, mukafunse ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Kulembetsa n'kwaulere. Wobwera pakhomo ndi chikwama n'kumati mumupatse kangachepe kuti afulumizitse fayilo, m'bwezeni.

Pakadali pano bambo asamakhale m'khitchini mofuka utsi, ndipo ngati amasuta chingambwe asiye. Akalavula magazi, kapena akayamba kubanika ali chikhalire mpaka kulephera kumaliza chiganizo, musadikire kuti kuche, pezani galimoto usiku womwewo.