Kodi kapu ya chitsulo ya asilikali ingaterekedwe pamoto?

Achimwene, mwafunsa ngati kapu ya chitsulo ija imene imalowa kunsi kwa botolo la madzi la asilikali mungaitereke pa sitovu n'kuwiritsiramo madzi popanda vuto. Ndaona kuti mayankho agawikana: wina akuti isungunuka, wina akuti itulutsa poizoni, winanso wachita kunenetsa kuti iphulika. Ine ndikuti terekani, bola kapuyo ikhale ya khoma limodzi, isakhale yopakidwa kanthu mkati, ndipo mukhale madzi nthawi yonse imene ili pamoto. Anzathu akuchenjezaniwa sikuti akunama ayi, kungoti zimene akunenazo zimachitika ndi makapu a mtundu wina, ndiye ntchito yaikulu ndi kudziwa kuti yanuyo ndi iti.

Kapu yeniyeni ya asilikali anaipangira moto. Maonekedwe ake opindika ngati impso aja anatchuka ndi gulu la nkhondo la America, lomwe linayamba kugwiritsa ntchito botolo ndi kapu zolowetsana chonchi mu 1910. Zoyambazo zinali za aluminiyamu. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse aluminiyamu ankafunika kwambiri popanga ndege, choncho anayamba kupanganso zina ndi chitsulo chosachita dzimbiri chija amati stainless steel. Itafika m'ma 1960 botolo linasanduka la pulasitiki, koma kapu inakhalabe ya chitsulo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: msilikali amafunika chinthu chotenthetsera madzi ndi chakudya kutchire, ndipo kapuyo, yomwe imalowa madzi pafupifupi mamililita 700, ndiye poto wake. Pali ngakhale kachitofu kakang'ono kamene kanapangidwa molingana ndi kapuyo kuti izikhala pamwamba pake.

Tsono za kusungunuka. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, stainless steel cha m'ma 1,400, ndipo titaniyamu, amene makapu ena okwera mtengo amapangidwa naye, pa 1,668. Lawi la gasi pamene latenthetsetsa limayandikira 1,900, kutanthauza kuti lili ndi mphamvu yosungunula aluminiyamu. Nanga bwanji mapoto a aluminiyamu sasungunuka tsiku ndi tsiku? Ndi madzi. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo malinga ngati akadali mkati, amatenga kutentha konse n'kukutulutsa ndi nthunzi, moti chitsulocho sichipitirira patali pamenepo. Vuto limayamba madzi akaphwa inu mwaiwala. Kapu ya aluminiyamu youma pa moto waukali imafewa, imapindika, ndipo pa makala oyaka bwino itha kubooka kumene. Ya stainless singasungunuke pa sitovu wamba, koma imasintha mtundu, kunsi n'kutukumuka, kenako siikhalanso bwino pansi.

Amene wanena zophulika uja akuganiza za makapu a makoma awiri, ndipo apa m'pofunika kumvetsetsa chifukwa masiku ano makapu oterewa ndi amene achuluka. Kunja amaoneka chitsulo chokhachokha, koma ndi makapu awiri, ina mkati mwa inzake, ndipo pakati pali mpata wotsekedwa. Ena mumpatamo muli mpweya, ena anaupopa mpweyawo ngati mmene amapangira fulasiki. Cholinga chake n'chakuti kutentha kusadutse, kuti chakumwa chisazizire msanga komanso dzanja lisapse. Ndiye mukaitereka pamoto mukulimbana ndi ntchito imene anaipangira. Moto umawotcha khoma lakunja, madzi ali phee mkatimo osatentha, ndipo khoma lakunjalo lilibe madzi olitetezera. Ngati mumpata muli mpweya kapena kachinyezi kamene kanalowa potsuka, zimenezo zimafufuma zikusowa potulukira, mpaka kapu imatupa kapena kung'ambika pa msoko, madzi otentha n'kukuthirani. Zamtundu wa fulasiki zili ndi vuto linanso: kabowo kamene anapopera mpweya kamakhala kunsi, ndipo opanga ena amakatseka ndi kanthu kokhala ndi mtovu, n'kuphimba ndi chitsulo china. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327 okha. Kapu yotere isayandikire moto ngakhale pang'ono.

Kuizindikira sikovuta. Tsinani khoma lake ndi zala ziwiri, china mkati china kunja. Ya khoma limodzi imamveka yopyapyala, ndipo ngati ili ndi kopindika kunja, mkatinso mumakaona pamalo omwewo. Pisani chala kapena supuni mpaka pansi, muyerekeze kuya kwa mkati ndi kutalika kwa kunja. Zikasiyana kwambiri, pali mpata. Njira yosakayikitsa ndi kuthiramo madzi otentha n'kugwira kunja. Ikakuotchani nthawi yomweyo, imeneyo ndiye yabwino kuphikira. Ikakhala yofunda chabe kapena yozizira, ndi yomwera basi.

Nkhani ya poizoni nayo ili ndi pake. Chitsulo chenichenicho si chimene chimaopsa kawirikawiri, koma zimene achipaka. Makapu ena ali ndi penti kunja, ndipo pentiyo imapsa, kununkha ndi kusupuka. Mabotolo ambiri a aluminiyamu, ndi makapu ena, amawamata kansalu kopyapyala ka pulasitiki mkati kuti chakumwa chisakhudzane ndi chitsulo. Mukasuzumira mumaona mtundu wachikasu kapena wonyezimira ngati vanishi. Zimenezo sanapangire moto. Zopaka zoletsa chakudya kumatirira zija zimapirira kuphika bwinobwino, koma zimayamba kuwonongeka zikadutsa madigiri 260, zomwe zimachitika mofulumira kapu yopyapyala ikakhala youma pamoto. Ndipo chilichonse chopangidwa ndi chitsulo cha mtundu wa malata, chokutidwa ndi zinki, musaphikiremo, makamaka zinthu zowawasa, chifukwa zinkiyo amasungunukira m'chakudya n'kuyambitsa kusanza ndi kupotokola m'mimba. Makapu oyera a enamelo aja amatheka pa moto wochepa, koma chokutiracho ndi galasi: chikauma pamoto kapena mukathira madzi ozizira chili chotentha chimathetheka, ndipo yothetheka mkati ndi bwino kuisiya.

Muonenso chogwirira ndi kunsi. Ngati pali pulasitiki kapena labala, yankho mwalipeza kale.

Mwina mukufuna kudziwa ngati yanuyo ndi aluminiyamu kapena stainless. Aluminiyamu ndi wopepuka kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa chitsulo, mtundu wake ndi wotuwa, ndipo mukakanda kunsi ndi nsonga ya mpeni amalembeka mosavuta. Stainless ndi yolemererapo, yowala, ndipo mukaigogoda imalira kuti ngwee. Pa zambiri amadinda 18/8 kapena 304, kutanthauza kuti muli magawo 18 pa 100 a chromium ndi 8 a nickel, mtundu womwewo umene amapangira mapoto ndi masupuni. Zimene wina walemba zoti maginito angakuthandizeni kusiyanitsa ziwirizi musazidalire. Maginito sagwira aluminiyamu, inde, koma ngakhale stainless ya 18/8 nthawi zambiri saigwira, kapena amangoikoka pang'ono m'makona.

Ambiri amaopa aluminiyamu chifukwa cha mphekesera yakale yakuti amayambitsa matenda oiwalaiwala a Alzheimer. Nkhaniyi inayamba ndi kafukufuku wa m'ma 1960 ndi 1970, koma kafukufuku wotsatira sanatsimikize kuti ziwiya zophikira zimayambitsa matendawa. Zoona zake n'zakuti aluminiyamu pang'ono amalowadi m'chakudya, ndipo komiti ya akatswiri ya mabungwe a FAO ndi WHO inaika mlingo mu 2011 wa mamiligalamu 2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa sabata. Munthu wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti mamiligalamu 120 pa sabata. Kuwiritsa madzi a tiyi kapena khofi kumaonjezera zochepa kwambiri pa mlingo umenewo. Chimene chimakokolola aluminiyamu wambiri ndi zowawasa ndi zamchere, monga tomato, mandimu ndi viniga, makamaka zikaphikidwa nthawi yaitali kapena kugonamo usiku wonse. Mumamva ndi kakomedwe komwe kuti mwalowa chitsulo. Choncho phikani, idyani, tsukani, osasungiramo chakudya. Amene ali ndi matenda a impso ndiye asamale kwambiri, poti impso ndi zimene zimachotsa aluminiyamu m'thupi. Kunena mosabisa, mutandipatsa ziwirizi kuti ndisankhe, ndingatenge ya stainless ngakhale ndi yolemera, chifukwa siisankha chophika ndipo imapirira nkhanza.

Koma ngozi imene imapezadi anthu ndi kapu imeneyi si ya mankhwala ayi, ndi kupsa. Kunsi kwake n'kopapatiza ndiponso kopindika, pamene zitsulo za pa sitovu ya gasi anazipangira mapoto aakulu ozungulira. Kapu imakhalapo mwapendapenda, ndipo chogwirira chikatambasulidwa chimailemeretsa mbali imodzi. Yesani kuikhazika muli madzi ozizira moto musanayatse, muigwedeze pang'ono muone. Ikamatekeseka, yalani kawaya kootchera nyama pamwamba kuti ipeze pokhala. Moto ukhale wochepa, lawi lisatuluke m'mbali, chifukwa lawi lokwera m'mbali silifulumizitsa kanthu, limangowotcha chogwirira. Chogwiriracho chitambasuleni musanatereke, chiloze kumbali kopanda moto, ndipo ngati ndi cha mtundu wakale chokhala ndi kachitsulo kokhomera, onetsetsani kuti chakhomeka. Chikapindika muli pakati pophula, madzi onse amathera pa miyendo. Pophula gwirani ndi kansalu kouma. Konyowa kamadutsitsa kutentha nthawi yomweyo. Ndipo musadzaze mpaka pakamwa, siyani mpata wa zala ziwiri kuti madzi akamabwata asasefukire n'kuzimitsa gasi.

Ndiye pali milomo. Aliyense amene anamwerapo m'kapu yongophula kumene amaidziwa nkhaniyi: tiyi mkati wafika pomweka, koma mkombero wa kapu ukadali moto, ukangogunda mlomo khungu limatsala pomwepo. Aluminiyamu ndiye woipitsitsa apa chifukwa amayendetsa kutentha kuposa stainless maulendo oposa khumi. Dikirani mphindi zingapo, yesani mkombero ndi chala, kapena tsanulirani m'kapu ina.

Kusayendetsa bwino kutentha kwa stainless kuli ndi vuto lakenso. Moto umaunjikana pamalo amodzi pomwe lawi likugunda, ndiye madzi ndi supu zimayenda bwino, koma mpunga, mkaka kapena chilichonse cholimba chimapserera pakatikati m'mbali musanapse. Muzitakasa kosalekeza, moto uli pansi. Kukazinga ndi mafuta sindingakulimbikitseni, chitsulocho n'chopyapyala kwambiri.

Simunanene kuti sitovu yanu ndi yanji. Pa gasi, makala ndi nkhuni zimatheka monga ndafotokozera. Pa mbale ya magetsi zimathekanso, kungoti ngati kunsi kwa kapu sikuli kosalala, imachedwa. Pa sitovu ya induction, ija ya magetsi yotenthetsa poto ndi mphamvu ya maginito, nthawi zambiri siigwira n'komwe, chifukwa sitovu imeneyo imafuna chitsulo chogwidwa ndi maginito ndiponso chiwiya chotambalala mokwanira. Mu microwave musaikemo. Ngati mukugwiritsa ntchito timibulu toyaka tija ta hexamine, kapena kasitovu kalikonse ka paulendo, phikirani panja. M'tenti kapena m'chipinda chotseka mumadzaza mpweya wa carbon monoxide, womwe sununkha ndipo umapha munthu ali m'tulo.

Botolo lenilenilo ndi nkhani ina. La pulasitiki n'lodziwikiratu. La chitsulo la khoma limodzi losamatidwa mkati mutha kuwiritsiramo, koma chotsekera chichoke kaye, chifukwa nthunzi yotsekeredwa ndiyo imaphulitsa zinthu. Ngati cholinga ndi kupha tizilombo m'madzi akumwa, asiyeni abwate mwamphamvu kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena zitatu mukakhala pamalo okwera kuposa mamita 2,000, poti kumeneko madzi amawira asanafike madigiri 100. Kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa mankhwala kapena mafuta amene alowa m'madzi.

Ngati kapuyo ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, iyang'anitsitseni, chifukwa simudziwa kuti mwini wake wakale ankaikamo chiyani. Anthu amatungira mafuta a galimoto m'makapu amenewa, ena amasungunuliramo mtovu. Inunkhizeni. Ngati muli fungo la mafuta losachoka, kapena zotuwa zolemera zomatirira pansi, kapena msoko woti wina anachita kuwotcherera pamanja, isandutseni yosungiramo misomali. Ngati ili bwino, itsukeni ndi sopo, pendani mkati mwa mkombero wopindika uja momwe litsiro limabisala, wiritsanimo madzi kamodzi kapena kawiri n'kutaya, kenako yambani kugwiritsa ntchito.

Ikayamba kuoneka mitundu ya buluu ndi yachikasu kunsi musadabwe, ndi mmene stainless imachitira ikatenthedwa, ndipo viniga pang'ono amachotsa. Aluminiyamu naye amada mkati akawiritsa madzi ena, palibe choopsa. Mwaye wa nkhuni umachoka mosavuta mukapaka sopo kunja musanatereke. Chimene chimawononga stainless ndi bulitchi komanso mchere wokhalitsa pansi, zimene zimaboola timaenje ting'onoting'ono, ndiye mchere muzithira madzi atawira, ndipo mukatsuka ipukuteni iume musanalowetsemo botolo.

Mukakayikabe, jambulani kunsi kwake, mkati ndi pamene chogwirira chalumikizana, mutumize pompano pamodzi ndi zilembo zilizonse zimene zadindidwapo, tione kuti ndi ya mtundu uti.