Kodi traceability matrix ndi pepala longosangalatsa kasitomala?

Mayi wina amene amalemba mapulogalamu pa kampani ina yaing'ono ku Lilongwe wanditumizira imelo. Pa kampanipo alipo anthu asanu, ndipo akupangira SACCO ina sisitimu yosungiramo masheya ndi ngongole za mamembala. Mu kontrakiti muli ndime yoti pomaliza ntchito apereke requirements traceability matrix. Akufunsa zinthu ziwiri: ngati chinthu chimenechi chili ndi phindu lenileni kapena ndi pepala longosangalatsa olipira, komanso ngati agule IBM DOORS, pulogalamu yosungira ndi kulondolera ma requirement, poti mnzawo wina anawauza kuti makampani akuluakulu amagwiritsa ntchito imeneyo.

Achemwali, DOORS musagule. Koma matrix yo muiyambe sabata ino, ntchito ikadali pakati. Ikalembedwa usiku woti mawa mukupereka sisitimu, imakhaladi pepala lopanda ntchito monga mukukayikiramo, ndipo ambiri amene amainyoza anangoona ya mtundu umenewo.

Requirement ndi chiganizo chimodzi chonena zimene sisitimu iyenera kuchita, mwachitsanzo kuti membala amene sanamalize kubweza ngongole asaloledwe kutenga ina. Matrix ndi tebulo losonyeza kumene chiganizo chimenecho chinachokera ndi kumene chinakathera: anachipempha ndani, chinalowa mu gawo liti la code (malangizo olembedwera kompyuta), ndipo ndi test iti imene imatsimikiza kuti chikugwiradi ntchito. Tebulolo liyenera kuwerengeka mbali zonse ziwiri. Mukayambira pa requirement muzitha kufika pa code ndi test yake, ndipo mukayambira pa code muzitha kubwerera mpaka kwa munthu amene anaipempha.

Chifukwa chake chimaoneka bwino pa zimene zinachitikira chombo cha NASA, bungwe la America loona za maulendo a mumlengalenga, chotchedwa Mars Polar Lander, chimene chinanyamuka mu Januwale 1999 n'kusowa pa 3 Disembala chaka chomwecho pamene chinkatera pa Mars. Chombocho chinali ndi miyendo itatu, ndipo mwendo uliwonse unali ndi sensa yoti ikamva kuti wagunda pansi, kompyuta izimitse injini zochepetsa liwiro. Mainjiniya ankadziwa kale kuti miyendo ikamatambasuka m'mwamba, kugwedezeka kwake kumatha kunamiza masensa aja n'kupereka chizindikiro chabodza ngati kuti chombo chatera. Ndiye mu ma requirement a chombo chonse analembamo kuti zimene masensa akunena zisagwiritsidwe ntchito mpaka chombo chitayandikira pansi. Vutolo linadziwika, linalembedwa, ndipo njira yolipewera inalembedwanso.

Koma mfundo imeneyo sinatsike bwino kupita mu ma requirement a anthu olemba software. Iwo analemba pulogalamu imene inkawerenga masensa kuyambira m'mwamba, ndipo ikalandira chizindikiro choti mwendo wagunda inkachisunga osachifufuta. Komiti imene inafufuza nkhaniyi, mu lipoti lake la Malichi 2000, inati chimene chiyenera kuti chinachitika n'chakuti chombo chitafika pa mamita 40 kuchokera pansi, pamene kompyuta inkayamba kumvera masensa, inapeza chizindikiro chabodza chija chili kale, n'kuzimitsa injini. Chombo chimene chinayenera kutera pa liwiro la mamita 2.4 pa sekondi chikanamenya pansi pa mamita pafupifupi 22 pa sekondi. Komitiyo inanena kuti ichi ndiye chifukwa chooneka chotheka kwambiri, poti chombocho sichinkatumiza uthenga uliwonse pa nthawi yotera.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi ndi test. Miyendo ija inayesedwa chombo chisananyamuke, koma nthawi imeneyo mawaya a masensa anali olumikizidwa molakwika, choncho chizindikiro chabodza sichinaoneke. Mawayawo anakonzedwa, koma test yonse yotambasula miyendo sinabwerezedwe. Ndipo poti mu ma requirement a software munalibe mzere wonena za chizindikiro chabodza, panalibenso amene akanaona kuti mzerewo ulibe test. Matrix yabwino imasonyeza bokosi lopanda kanthu pamalo ngati amenewo, ndipo bokosi lopanda kanthu limachititsa munthu kufunsa.

Nkhani ya Ariane 5 ndi yotembenuza. Pa 4 Juni 1996 roketi yoyamba ya mtunduwu inanyamuka ku Kourou, ku French Guiana, itanyamula masetilaiti anayi a Cluster, ndipo inaphulika patangopita masekondi pafupifupi 40. Makompyuta ake odziwira kumene roketi yaloza anali ndi software yotengedwa ku Ariane 4. Mkati mwake munali kagawo kena kamene ntchito yake inali ya pansi roketi isananyamuke, koma pa Ariane 4 ankakasiya kakuyenda kwa masekondi pafupifupi 40 itanyamuka kale, n'cholinga choti akaimitsa kuwerenga nthawi kumapeto kwenikweni asayambirenso kukonzekera konse. Pa Ariane 5 kagawoko kanalibe ntchito iliyonse roketi ikanyamuka. Kanangotsala. Ariane 5 inkathamanga chopingasa kwambiri kuposa inzake yakale, nambala ina ya m'kagawo kaja inakula moti sinakwane mu malo amene inkasungidwa, ndipo kompyuta inaima. Kompyuta yachiwiri yothandizira nayo inali itaima kale pa chifukwa chomwecho, poti zonse ziwiri zinali ndi software imodzi. Komiti imene ankatsogolera Jacques-Louis Lions inalangiza kuti pasakhale software yoyenda roketi ili m'mwamba ngati siikufunika. Uku Mars Polar Lander inali ndi requirement imene sinafike mu code, uku Ariane 5 inali ndi code imene requirement yake inatsala pa roketi ina.

Ambiri akamakamba za Mars amathamangira ku chombo china cha NASA, Mars Climate Orbiter, imene inasowa mu Sepitembala 1999 chifukwa pulogalamu ina inkatulutsa manambala mu pound-force pamene inzake inkayembekezera newton, miyezo iwiri yosiyana ya mphamvu, kusiyana kwake kuwirikiza 4.45. Nayonso chikalata chogwirizanitsa mbali ziwirizo chinanena momveka kuti agwiritse ntchito newton. Kungolemba requirement sikokwanira ngati palibe amene wapatsidwa udindo wotsimikiza kuti yatsatidwa.

Mwina mukuti inu simukutumiza chombo ku Mars. Zoona, komabe taganizirani zimene zinachitika mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tiyerekeze kuti zoterezi zachitikanso, bodi ya SACCO yakhala pansi n'kukweza malire a ngongole imene membala angatenge. Manijala akuimbirani foni kuti musinthe nambalayo pofika Lolemba. Nambalayo ili kuti? Ili pa fomu imene kalaliki amalembapo, ili pa seva pamene ngongole imavomerezedwa, mwina ilinso mu uthenga wa SMS wopita kwa membala, ndiponso mu lipoti la pamwezi limene mnyamata amene anasiya ntchito chaka chatha analilemba yekha. Mukasintha malo atatu n'kuiwala achinayi, membala avomerezedwa pa kauntala n'kukanidwa ndi seva, ndipo amene atukwanidwe ndi kalaliki wosalakwa. Mukakhala ndi matrix mumatsegula mzere umodzi n'kuona malo onse anayi ndi ma test ake, ndipo mumatha kumuuza manijala tsiku lomwelo kuti ntchitoyi ndi ya masiku angati komanso ndalama zingati.

Pa zonse zimene zimalembedwa mu tebulolo, ine ndimalimbikira kwambiri danga la gwero. Mu 1994 Orlena Gotel ndi Anthony Finkelstein anafufuza za vutoli pakati pa anthu ogwira ntchitoyi, ndipo anapeza kuti mavuto ambiri sakhala pa kulondola requirement kupita ku code, koma pa kulondola kubwerera kumene inachokera isanalembedwe: anainena ndani, pa chifukwa chanji. Pa SACCO izi n'zofunika koposa, chifukwa malamulo amachokera ku mbali zambiri zosalingana mphamvu. Ena ali mu malamulo a SACCO yeniyeniyo amene mamembala anavomereza pa msonkhano waukulu. Ena ndi chigamulo cha bodi. Ena amachokera kwa oyang'anira mabungwe azachuma. Ndipo ena ndi chizolowezi chabe cha akauntanti amene anakhalapo zaka zambiri. Wina akabwera kudzati "chotsani lamulo ili, likutichedwetsa", muyenera kudziwa ngati mukuchotsa chizolowezi cha munthu mmodzi kapena lamulo limene ma auditor adzalifufuze. Choncho osangolemba kuti "kasitomala". Lembani kuti ndi ndime yakutiyakuti ya malamulo a SACCO, kapena msonkhano wa tsiku lakuti, wapampando wa komiti ya ngongole ndiye ananena. Zimene wina wakuuzani pa WhatsApp kapena pa khonde muzilembe n'kumutumizira kuti avomereze. Mawu a pakamwa amasintha mwezi ukatha, makamaka invoice ikafika.

Poyambira, Excel kapena Google Sheets ndi yokwanira. Requirement iliyonse ipatseni nambala yake, monga NG-012 ya ngongole kapena SH-004 ya masheya, ndipo nambala ikaperekedwa isadzaperekedwenso kwa ina. Requirement ikachotsedwa musafufute mzere wake, lembani kuti yachotsedwa, tsiku lake ndi amene analamula. Anthu amakonda kukonzanso manambala kuti tebulo lioneke laudongo, kenako test imene inkaloza NG-012 imapezeka ikuloza chinthu china. Madanga ena ndi chiganizo chenichenicho, gwero, gawo la code, test, ndi pamene yafika.

Kalembedwe ka chiganizocho nako n'kofunika. "Sisitimu izikhala yachangu" si requirement, chifukwa palibe test imene ingaitsimikize kapena kuitsutsa. "Kalaliki akafufuza membala ndi nambala yake, sisitimu ionetse zotsatira pasanathe masekondi atatu" ndiye requirement. Pali kalembedwe kotchedwa EARS kamene Alistair Mavin ndi anzake ku Rolls-Royce anakatulutsa mu 2009, kamene kamakakamiza munthu kunena nthawi kapena chochitika chimene chikuyambitsa zinthu, kenako zimene sisitimu ichite. Gawo lake limene ndimalikonda ndi la zinthu zosafunika: ngati chakuti chalakwika, sisitimu ichite chakuti. Kwa inu zimenezi ndi mafunso ngati akuti netiweki ikaduka membala ali mkati molipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba chichitike n'chiyani, nanga uthenga wotsimikiza malipiro ukabwera kawiri. Kasitomala sadzakuuzani yekha zimenezi. Muyenera kumufunsa. Ndipo chiganizo chimene chili ndi "komanso" pakati nthawi zambiri ndi ma requirement awiri, agaweni.

Kuti tebulo lisafe, musalidalire lokha. Nambala ija iziyenda ndi ntchito. Ilembeni pa tikiti ya mu Jira kapena pulogalamu iliyonse imene mumagawiranamo ntchito, mu uthenga wa commit (kusintha kwa code kumene mwasunga) iliyonse mu Git, mosungira mbiri ya code yanu, ndi mu dzina la test. Mukatero, kufufuza "NG-012" mu Git kukuonetsani zonse zimene zinasinthidwa chifukwa cha requirement imeneyo, ndipo mmodzi wa inu angalembe ka script kakang'ono kotulutsa mndandanda wa ma requirement opanda test. Ngati mumagwira ntchito ndi ma user story, timawu tofotokoza zimene wogwiritsa ntchito sisitimu akufuna, palibe chosemphana. Story ndi gawo la ntchito limene limatsekedwa sprint (nyengo yaifupi imene mwadziikira ya ntchito) ikatha, pamene requirement imakhalabe yamoyo nthawi yonse imene sisitimu ikugwira ntchito, ndiye story iziloza ku requirement.

Musalondole chilichonse. Mtundu wa batani kapena malo a logo sizifunika mzere mu matrix, ndipo mukayesa kulemba zonse mudzatopa mwezi usanathe n'kusiya ngakhale zofunika. Limbikirani pa zokhudza ndalama, monga chiwongola dzanja, chilango cha kuchedwa ndi kagawidwe ka phindu, pa zokhudza amene akuloledwa kuona kapena kusintha zinthu, ndi pa malipoti opita kunja kwa SACCO. Ndipo mulondole mpaka pa module kapena fayilo, osati pa mzere uliwonse wa code.

Nanga DOORS ndi mapulogalamu ena ofanana nayo, monga Polarion ndi Jama Connect, n'za ndani? N'za anthu amene ali ndi ma requirement zikwizikwi, magulu ambiri m'makampani osiyanasiyana, komanso malamulo owakakamiza. Opanga software ya ndege amatsata DO-178C, imene imafuna kulondola mbali zonse ziwiri ndipo silola code yopanda requirement kungotsala mu ndege. Opanga magalimoto ali ndi ISO 26262, ndipo opanga zipangizo zachipatala ali ndi IEC 62304. Chimene mapulogalamu amenewa amachita bwino n'chakuti requirement ikasintha, amaika chizindikiro pa chilichonse cholumikizana nayo kuti chiunikidwenso. Anthu asanu okhala chipinda chimodzi angathe kuchita zimenezi ndi danga limodzi lowonjezera ndi mphindi khumi Lachisanu lililonse. Tebulo likadzakula mpaka kukuvutani, pali Doorstop, yaulere, imene imasunga requirement iliyonse ngati fayilo mu Git pafupi ndi code yanu.

Poti ntchito yanu yayamba kale, musayese kubwerera kukalemba zonse nthawi imodzi. Yambani ndi gawo la ngongole, ndipo requirement iliyonse imene gwero lake simukulidziwa muiike pa mndandanda wapadera. Mndandanda umenewo mupite nawo ku msonkhano wotsatira ndi kasitomala, pamodzi ndi mizere khumi yoyamba ya matrix, ndipo muwafunse ngati maonekedwe akewo ndi amene akufuna komanso kuti ndani kumbali yawo ali ndi mphamvu yovomereza kusintha kwa requirement. Akavomereza, asaine pa version imeneyo ndi tsiku lake, kuti chilichonse chobwera pambuyo chizilowa ngati pempho la kusintha lokhala ndi nambala ndi mtengo wake.