Musagule kalikonse musanaone kumbuyo kwa wailesiyo

Achimwene a Ractis ya 2008 ija, funso lanu ndaliona. Mwati galimoto yangofika kumene kuchokera ku Dar, wailesi yake ndi yomwe inabwera nayo kuchokera ku Japan, imadya CD yokha, imagwira masiteshoni awiri basi, ndipo mukufuna kumamvera nyimbo za mufoni komanso kuyankha mafoni manja ali pachiwongolero. Wina ku Limbe wakuuzani kuti mugule transmitter yobaya poyatsira fodya ija, wina akuti ingozulani zonse muike ya Android ya sikirini. Ine ndikuti ndalamazo zisungeni kaye. Wailesi za Toyota zochokera kufakitale zimalira bwino kuposa zambiri zotchipa zimene anthu akuthamangira masiku ano, ndipo kawirikawiri khomo lolowetsera foni limakhala lilipo kale, kungoti lili kumbuyo kumene simuona.

Yambani ndi zosalira ndalama. Yang'anani pankhope pa wailesi, m'kabokosi ka pakati pa mipando ndi m'kabati ka kutsogolo kwa pasenjala ngati pali kabowo kolembedwa AUX. Ngati kalipo, nkhani yatha: waya wa 3.5mm, kapena ka Bluetooth kakang'ono kobaya pomwepo. Foni yanu ikakhala yopanda bowo la mahedifoni (ma iPhone analisiya kuyambira pa iPhone 7 mu 2016, ndipo ma Samsung ambiri atsopano alibenso), mufunika kawaya kochoka pa USB-C kapena Lightning kupita ku 3.5mm. Kayeseni ndi foni yanu pomwepo pashopu, chifukwa tina timakana mafoni ena.

Tsopano za transmitter. Kachipangizoka ndi kasiteshoni kakang'ono ka FM: kamatenga nyimbo mufoni n'kuziulutsa, wailesi yanu n'kuzigwira ngati mmene imagwirira MBC kapena Zodiak. Vuto lili pa manambala. Mawailesi a ku Japan a zaka zimenezo amagwira FM kuchoka pa 76 kufika pa 90, pamene ife kuno timagwiritsa ntchito 87.5 mpaka 108. N'chifukwa chake mukungogwira masiteshoni awiri; ena onsewo ali pamwamba pomwe wailesi yanu siifika. Ma transmitter ambiri ogulitsidwa kuno amayambira pa 87.5, ndiye malo amene awiriwa angakumane ndi kampata kochoka pa 87.5 kufika pa 90 kokha. Mu Blantyre muno, mmene masiteshoni athithikanirana, kupeza nambala yopanda aliyense m'kampata kameneka ndi mwayi. Ndipo ngati wina anaikamo kale band expander, kabokosi kotsitsa manambala kuti wailesi ya ku Japan izigwira masiteshoni akuno, nambala ya pasikirini imakhala si yeniyeni. Expander yotsitsa ndi 10 ndiye kuti transmitter mukaiika pa 98.0, wailesi muichune pa 88.0. Anthu ambiri amabweza katundu akuti ndi wakufa pamene vuto ndi masamu amenewa.

Ine ndinayamba nayo transmitter pa Allion yanga yakale. Pakhomo ku Chilomoni inkalira bwinobwino. Ndikangolowa mu Chipembere Highway, kufika cha ku Ginnery Corner, phokoso la shiii linkayamba, pena m'busa wa pasiteshoni ina n'kulowerera pakati pa nyimbo. Paulendo wa ku Lilongwe ndinkasintha nambala ku Zalewa, kusinthanso ku Ntcheu, ngati ndikuyendetsa ndege. Sindikuti njachabechabe. Ngati galimoto ndi yobwereka kapena mukufuna kuigulitsa mwezi wamawa, igulenitu, imatchajanso foni. Koma ya inu nokha yoti mukhala nayo zaka, ayi.

Chimene ndikukulangizani ndi adaputa yolowa pa pulagi ya CD changer. Wailesi zambiri za Toyota za zaka zimenezo zili ndi pulagi kumbuyo yomwe anaikonzera makina osunga ma CD angapo aja. Pagalimoto zambiri pulagiyi imangokhala yopanda kanthu. Adaputa imanamiza wailesi kuti changer yafika, pamene kwenikweni ndi foni yanu kudzera pa Bluetooth, AUX kapena fulashi. Mawu amayenda pawaya, sadutsa mumlengalenga, ndiye amamveka ngati CD. Magetsi imatenga kuwailesi komweko, mukazimitsa galimoto nayonso imazima. Zodziwika ndi monga Yatour ndi GROM, ndipo palinso zina zopanda dzina zimene zimagwira ntchito yomweyo, ngakhale maikolofoni ake amakhala a mwayi.

Apa ndiye poyenera kusamala, chifukwa pulagizi n'zosiyana. Toyota yokha ili ndi ziwiri zofala: ya 5+7 pa zakalekale ndi ya 6+6, yaing'ono, pa zapambuyo pake (manambalawa ndi kuchuluka kwa timapini m'mizere iwiri ya pulagiyo). Honda, Mazda ndi Nissan aliyense ali ndi yake. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi imalowa paliponse", mudziwe kuti sanatsegulepo dashibodi. Musagule potengera chaka cha galimoto chokha. Galimoto za ku Japan zimafika zitasinthidwa mawailesi, Ractis ziwiri za chaka chimodzi zikhoza kukhala ndi mawailesi osiyana. Tulutsani wailesiyo, jambulani kumbuyo kwake ndi sitika ya nambala (za Toyota zambiri zimayamba ndi 86120), mukagule ndi chithunzicho m'manja. Chizindikiro china musanamasule kanthu: batani likakhala lolembedwa DISC kapena CD/AUX, mwayi ulipo.

Kumangako si ntchito yaikulu. Mapulasitiki ozungulira wailesi amagwidwa ndi timakilipi. Gwiritsani ntchito chotsegulira cha pulasitiki, kapena sikuludiraiva yokulunga m'kansalu, ndipo chitani masana galimoto itatenthedwa ndi dzuwa, chifukwa pulasitiki wakale akazizira amathyoka msanga. Wailesi yeniyeniyo nthawi zambiri imagwidwa ndi mabawuti anayi a 10mm. Ikokeni pang'onopang'ono, bayani adaputa, kenako yesani zonse musanabwezeretse: dinani DISC kawiri kuti ichoke pa CD kupita pa changer, lumikizani foni, imbirani munthu. Pasikirini padzangolembedwa ngati CD 1 track 01, dzina la nyimbo musaliyembekezere, koma pa zambiri mabatani odumphitsa nyimbo amagwira. Kabokosi ka adaputa kamangireni ndi tayi kuti kasamagogode mukamadutsa m'maenje a mseu wa ku Machinjiri. Maikolofoni ikani pamwamba pafupi ndi chotchingira dzuwa kapena kuseri kwa chiwongolero, kutali ndi potulukira mpweya, apo ayi amene mukulankhula naye azingomva mphepo. Mawaya okhala ndi mapulagi achikasu ndi a airbag, amenewo musawakhudze n'komwe.

Mukapita kwa wa zamagetsi, muuzeni asadule waya ngakhale umodzi. Ine ndinaphunzira mowawa. Mnyamata wina anandiikira ka Bluetooth kotchipa, n'kukalumikiza pa waya wa moto wokhazikika m'malo mwa wa ACC, uja umayaka kiyi ikatembenuzidwa. Galimoto inagona masiku atatu osayenda, tsiku lachinayi batire linali fulati, ndinachita kupempha ana a aneba kuti andikankhe. Ndipo ngakhale isanafike pamenepo, foni inkangolumikizana ndi galimoto ndili m'nyumba, anthu akuimba ine osamva kulira.

Palinso chinthu chimodzi chimene chaliza anthu ambiri muno. Malangizo a masiku onse amati chotsani waya wa negative pabatire musanagwire zamagetsi, ndipo ndi malangizo abwino. Koma ngati wailesi yanu ndi ya sikirini ya mapu a ku Japan, zija zolembedwa NSZT, NSDN, NDDN ndi zina zotero, imani kaye. Zambiri mwa zimenezi zikangosowa magetsi zimafuna SD khadi kapena disiki ya mapu kuti zidzukenso, zina zimafunsa password imene mwini wake woyamba ku Japan anaika. Khadiyo ikakhala kuti inasowa panjira, monga zimachitikira kawirikawiri galimoto isanafike ku Songwe, mutsala ndi sikirini ya Chijapani yokhayokha, popanda wailesi, popanda kamera yobwerera m'mbuyo. Kuzula pulagi yaikulu kumbuyo kwake n'chimodzimodzi ndi kuchotsa batire. Ndiye onani ngati khadiyo ilimo musanachite chilichonse. Chosangalatsa n'chakuti zambiri za sikirinizi zili ndi Bluetooth kale. Tsegulani Google Translate, lozetsani kamera pa menyu, mufufuze. Mawu akuti Bluetooth amalembedwa m'zilembo zathu zomwezi. Zina zimangolola kuyankha foni osati nyimbo, koma kuyesa n'kwaulere. Yanuyo mwati ndi ya CD wamba, ndiye izi ndalembera ena amene akuwerenga mwakachetechete.

Mukamanga n'kumamva kaphokoso koonda kokwera limodzi ndi injini mukaponda mafuta, makamaka foni ili patchaja, musaganize kuti adaputa yafa. Ndi phokoso la alternator lolowera pa earth. Kachipangizo kotchedwa ground loop isolator, koikidwa pa waya wa AUX, kamathetsa zimenezi, ndipo nthawi zina kungosintha tchaja yotchipa kumakwanira.

Za Android ija: ngati mukufuna mapu ndi kamera, kapena mwatsegula n'kupeza kuti kumbuyo kulibe pulagi ya changer, ndiye inde, sinthani. Koma gulani ndi waya wake wolowa mu pulagi ya Toyota mosadula, pewani za RAM ya 1GB chifukwa zimachedwa ngati minibasi yodikira anthu pa Wenela, ndipo wailesi yakaleyo isungeni, wodzagula galimoto akhoza kuifuna. Dziwaninso kuti adaputa siikonza vuto la masiteshoni. Ngati mukufuna kumamvera nkhani ndi mpira, pamene wailesi ili panja ikirenitu band expander pa waya wa eriyo, kuti dashibodi itsegulidwe kamodzi kokha.

Ponyani muno zithunzi ziwiri, cha pankhope ndi cha kumbuyo, mapulagi akuoneka bwino, tikuuzeni ngati ndi 6+6 kapena 5+7.