Yankho kwa mphunzitsi wa ku Katoto: masiku atatu pa chilumba cha Ngazidja

Bambo wina wa ku Katoto, amene amaphunzitsa jogalafe pa sukulu ina ya sekondale muno mu Mzuzu, anditumizira funso pa imelo. Akuti mu Julayi akupita kumsonkhano ku Moroni, likulu la dziko la Comoros, mzinda umene uli pa chilumba cha Ngazidja, ndipo msonkhanowo ukatha adzatsala ndi masiku atatu. Akufuna kudziwa ngati n'kwanzeru kukwera phiri lophulika la Karthala, kapena angokapuma m'mphepete mwa nyanja monga amachitira ku Chikale.

Bambo, ine ndikuti kakwereni phirilo, ndipo mulipatse masiku awiri mwa atatuwo. Mchenga ndi madzi osambira muli nazo kale ku Nkhata Bay ndi ku Chintheche, koma phiri limene likadali ndi moto m'mimba mwake kuno kwathu kulibe, ndipo mphunzitsi amene wakhala akujambula chinthu chotere pa bolodi kwa zaka zambiri ayenera kukachiponda ndi mapazi ake. Phiri la Karthala ndi lotalika mamita 2,361. Musalipeputse poona kuti nsonga ya Nganda ku Nyika imalipitirira, chifukwa ku Nyika galimoto imakufikitsani kale pamwamba, pomwe Karthala limayambira kunyanja kwenikweni, ndipo gawo lalikulu la msinkhu wakewo mudzalikwera ndi miyendo. Anthu ambiri amayambira pa mudzi wa Mvouni, kumtunda kwa Moroni, kapena ku Boboni, n'kugona m'hema usiku umodzi asanatsike.

Chimene ndikufuna kuti muchimvetse musananyamuke ndi nkhani ya madzi. Ife a ku Mzuzu tinazolowera kuti kumene kumagwa mvula yambiri kumakhalanso mitsinje, monga mmene Lunyangwa umayendera chaka chonse. Ku Ngazidja mvula imagwa yochuluka, makamaka mbali ya kumadzulo kwa phiri, komabe pa chilumba chonsecho palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umayenda chaka chonse. Chifukwa chake n'chakuti nthaka yake ndi chiphalaphala chimene chinauma posachedwapa, miyala yakuda yodzaza ndi timabowo ndi ming'alu, kotero kuti mvula ikangogwa imalowa pansi nthawi yomweyo. N'chifukwa chake m'midzi mudzaona mathanki a simenti okololera madzi a mvula. Pamene phirilo linaphulika mu Epulo 2005, ndiponso mu Novembala chaka chomwecho, anthu masauzande anathawa m'midzi yawo, koma vuto limene linakhalitsa linali phulusa limene linagwera m'mathankiwo n'kuipitsa madzi akumwa. Kwa inu wokwera phiri, tanthauzo lake ndi lakuti m'njira simudzapeza kasupe woti muwerame n'kumwa ngati ku Viphya. Madzi onse a masiku awiriwo muyenera kunyamula kuchokera pansi, ndipo nkhani imeneyi mugwirizane bwinobwino ndi wokuperekezani musanayambe ulendo.

Ulendo wokwerawo umadutsa m'minda ya nthochi, vanila ndi mitengo ya ylang-ylang, imene maluwa ake amatcheza n'kupanga mafuta onunkhira, kenaka umalowa m'nkhalango yonyowa ya ndere ndi nkhungu imene idzakukumbutseni nkhalango za ku Misuku. Kumtunda mitengo imafupika mpaka kutsala zitsamba zokhazokha. M'nkhalango imeneyi muli mbalame zosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, kuphatikizapo kadzidzi wamng'ono wotchedwa ndi dzina la phirilo, amene mwina mudzangomumva kulira usiku muli m'hema. Pamwamba pali chigwa chachikulu cha makilomita pafupifupi 3 m'lifupi ndi 4 m'litali, chimene chinapangika pamene nsonga ya phiri inatitimira, ndipo mkati mwake muli chidzenje china chozama, phulusa lotuwa ndi malo otuluka nthunzi. Mufikepo m'mamawa mitambo isanakwere, ndipo mutenge juzi imene mumavala mu Juni kuno, chifukwa usiku wa pamwambapo ndi wozizira ngakhale kuti Moroni ndi wotentha.

Za ngozi ndikuyankhani mosabisa. Phirili laphulika koposa maulendo 20 chiyambire zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1977 chiphalaphala chinatulukira m'mbali mwake n'kuwononga nyumba m'mudzi wa Singani chisanakathire m'nyanja. Linachitanso ukali mu 2006 ndi mu 2007. Koma ku Moroni kuli ofesi ya akatswiri oyang'anira phirili, pansi pa bungwe la kafukufuku la CNDRS, imene imayeza zivomezi zake. Kafunseni kumeneko, ndipo akakuletsani musaumirire. Mwasankhanso mwezi wabwino, popeza Julayi ali m'nyengo youma ya mphepo imene eni ake amaitcha kusi, pomwe mvula yamphamvu ndi anamondwe zimabwera kuyambira Novembala mpaka Epulo, monga namondwe Kenneth wa mu 2019.

Tsiku lachitatu, miyendo ili yolemera, pitani kumpoto pa galimoto. Mukaone Lac Salé, nyanja yaing'ono ya madzi amchere imene ili m'chidzenje cha phiri lakale pafupi ndi gombe, kenaka mukasambe ku Mitsamiouli, kumene mchenga woyera wagundana ndi miyala yakuda. Dzikoli ndi la Asilamu, choncho muvale modzilemekeza podutsa m'midzi. Chiswahili chilichonse chimene munatola ku Karonga kapena ku Kyela chidzakuthandizani, popeza Shingazidja ndi chinenero chapachibale nacho.

Musatayitse nthawi pofunafuna mleme waukulu wotchedwa ndi dzina la Livingstone, chifukwa umapezeka pa zilumba zina za Comoros, za Anjouan ndi Mohéli zokha. Komabe ophunzira anu angakonde kumva kuti amuna amene anathawa David Livingstone pafupi ndi nyanja yathu mu 1866, n'kukanena bodza ku Zanzibar kuti waphedwa, anali a ku Anjouan komweko. Ngati mudzatsale ndi ola limodzi ku Moroni, lowani m'nyumba yosungira zakale ya CNDRS mukaone nsomba imene asodzi amaitcha gombessa. Asayansi ankaganiza kuti mtundu wake unatha zaka mamiliyoni ambiri zapitazo, mpaka imodzi inagwidwa ku South Africa mu 1938, ndipo yachiwiri ku Anjouan mu 1952. Nsombayi imabisala masana m'mapanga a chiphalaphala chomwecho chimene mudzakhale mutachiponda kuphiri, mamita pafupifupi 200 pansi pa nyanja. Muijambule chithunzi chabwino, ndipo mukabwerera mudzanditumizireko.