Za "kamodzi pa zaka 100" zija

Achimwene mwafunsa kuti poti munamva kuti mvula ngati ya Freddy imagwa kamodzi pa zaka 100 ndipo inagwa kale mu 2023, ndiye mugule puloti yotchipa ija ya m'tsinde mwa phiri, yotsatira idzakupezani mutapita kale. Ayi ndithu, masamu ake sayenda choncho.

Akati kamodzi pa zaka 100 akutanthauza kuti chaka chilichonse pali mpata wa 1 peresenti woti zichitike, chaka chino, chaka chamawa, chaka chinacho, chimodzimodzi. Mitambo siisunga kaundula kuti kuno tinamenyako kale. Mukawerengera zaka 30 zomwe mungakhale m'nyumbamo zimafika pa 26 peresenti, ndiye si zochepa ayi.

Komatu vuto lenileni si limenelo. Nambala ya kamodzi pa zaka 100 ija imachokera pa zomwe anthu anayeza ndi kulemba m'mbuyomu, ndiye chomwe sichinachitikepo m'mabukumo mulibe, nanga muchiwerengera bwanji? Taonani Freddy yemweyo, anayambira kutali uko kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February, nkuwoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, kumenya Madagascar, kulowa Mozambique, anthu nkumati basi watha, iye nkubwerera kunyanja kukatenga mphamvu zina nkudzaloweranso cha ku Quelimane pa 11 March. Masiku 36 ali moyo, palibe namondwe wina analembedwapo kuti anakhalitsa choncho. A zanyengo anachenjeza, tisawanamizire, pa wailesi zinkanenedwa. Koma kudziwa kuti kukubwera mvula yambiri ndi kwina, kudziwa kuti phiri la Soche lilekerera matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba kutsikira ku Chilobwe ndi kwinanso. Anthu mazanamazana anafa, ena mpaka pano sanapezeke, oposa 600,000 anasowa pokhala.

Chondiwawa ine nchakuti sizinali zachilendo kwenikweni. Napolo anadutsa ku Zomba mu 1946, anadutsanso ku Phalombe mu 1991. Kungoti zimatalikirana mokwanira kuti amene anaona akalambe, ana awo nkumanga pomwepo pamene panadutsa madzi. Ndiye onjezerani kuti mitengo m'mapirimu tinamaliza ndi makala, nyengonso yasintha, anamondwe akungotsatizana, Idai 2019, Ana ndi Gombe 2022, Freddy 2023, mabuku akale aja akunena za dziko lomwe kulibenso.

Musaganize kuti ndi za ife osauka tokha. Ku Japan mu 2011 mainjiniya a pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima anakonzekera mafunde a mamita pafupifupi 6, tsunami, mafunde aakulu obwera ndi chivomezi, inabwera yopitirira kawiri pamenepo.

Ndiye ine sindifunsa kwambiri kuti mpata wake ndi waukulu bwanji, ndimafunsa kuti zikachitika nditaya chani. Bizinesi ya tomato ikagwa mumalira mwezi umodzi nkuyambiranso, koma nyumba yomwe mukugona ana usiku ilibe kuyambiranso. Musanapereke ndalama pitani pa pulotipo nokha, makamaka kukagwa mvula muone kumene madzi amathamangira. Mukaona miyala ikuluikulu itangoti mbwee m'munsi mwa phiri dziwani kuti siinamere pomwepo, inachita kugubuduka. Mufunsenso agogo amene anakulira m'deralo, osati amene akukugulitsaniyo.