Funsani Amalume: Zilembo zopendekeka zandikana pa chikwangwani

FUNSO: Amalume, ndine telala, ndili ndi kashopu ku Chilenje komwe ndimasoka madiresi a chitenge a pa kitchen party ndi pa ukwati. Ndinafuna kuti dzina la shopu lilembedwe ndi zilembo zoonda zopendekeka ngati za m'magazini a fashoni. Pa foni zinkakongola, koma pa chikwangwani munthu akaima tsidya lina la msewu sakuziwerenga, ndipo pa timalebulo ta m'khosi mwa diresi zangokhala madontho. Kodi wosindikiza anandidyera ndalama, kapena ndinasankha molakwika? Mayi wa ku Chilenje.

YANKHO: Mayi, mnyamata wosindikizayo musamukalipire kaye. Diso lanu silinaname, zilembozo n'zokongoladi, koma mwazituma ntchito imene sizinabadwire.

Zimene munaziona m'magazini ndi za mtundu wa Didot ndi Bodoni. Firmin Didot ankazisema ku Paris cha m'ma 1780, ndipo Giambattista Bodoni ankachita zomwezo ku Parma, m'dziko la Italy. Yang'anitsitsani chilembo chimodzi, tinene n. Mwendo wake ndi wonenepa, koma kamzere kolumikiza ndi timapazi ta pansi n'toonda ngati ulusi wa overlock. Kusiyana kumeneku ndiye kumapangitsa kuti dzina lioneke lodula. Vuto n'lakuti timizereto timafuna pepala losalala ndi chilembo chachikulu chimene munthu akuchionera pafupi. Mukapita patali, diso limataya toondato n'kutsala ndi miyendo yokhayokha ngati mpanda wa mapulanga. Ngakhale eni ake amadziwa zimenezi. Pamene katswiri wojambula zilembo Jonathan Hoefler ankajambulira magazini ya Harper's Bazaar zilembo za Didot mu 1991, anazijambula m'masaizi angapo, timizere tikunenepa chilembo chikamachepa.

Ine ndinaphunzira ndi manyazi. Ndili wachinyamata ndinadulira mayi wina wa saluni ku Kabwata dzina lake pa sitika. Pochotsa zotsalira ndi singano, kamzere ka m'kati mwa e kanatsatira singanoyo kawiri konse. Ndinamata bwinobwino kachitatu, koma dzuwa la mu Okutobala litawomba galasi, timizere tonse tinapindika, fumbi n'kulowa pansi pake. Pofika Khirisimasi e aliyense anali c. Mayiyo ankandipatsa moni, koma makasitomala ake sananditumizireko n'mmodzi yemwe.

Pali chinanso chimene ndikukayikira, poti simunanditumizire chithunzi. Anyamata ambiri a m'mashopu osindikizira amangotenga zilembo zoongoka n'kudina batani la I, ndipo ngati mtundu wa zilembowo ulibe zopendekeka zakezake, kompyuta imangozikankha kuti zipendekeke ngati nyumba yogwa. Imeneyo si italic, kutanthauza zilembo zopendekeka zenizeni. Italic yeniyeni inayambira ku Venice mu 1501, pamene Francesco Griffo anasemera wosindikiza mabuku Aldus Manutius zilembo zotsanzira dzanja la mlembi, ndipo mpaka lero chilembo chilichonse chimajambulidwa pachokha. Onani a ndi f pa chikwangwani chanu. Mu italic yeniyeni nthawi zambiri a amakhala wozungulira ngati amene tinaphunzira ku sukulu, ndipo f amatsitsa mchira pansi pa mzere. Ngati a wanu akadali ndi kadenga pamwamba, anangomukankha.

Tsopano chochita. Pa Google Fonts, tsamba la pa intaneti lotengapo zilembo, pali Playfair Display, yojambulidwa ndi Claus Eggers Sørensen, ndipo ndi yaulere ngakhale pa bizinesi. Italic yake ili ndi ulemerero womwewo, ndiye pa chikwangwani tengani yonenepako, Semibold kapena Bold. Mtundu wina wotchedwa Cormorant ndimaikonda kwambiri pa makhadi a ukwati, koma pakhoma la m'mbali mwa msewu musayese, ndi yoonda mopitirira. Italic ikhale ya dzina lokha, mawu amodzi kapena awiri, chilembo chachikulu poyamba pokha. Mukalemba dzina lonse ndi zilembo zazikulu zopendekeka, kuvina kwake konse kumatha. Nambala ya foni ndi mawu akuti mumasoka chiyani zikhale m'zilembo zoongoka zopanda timapazi, kuti munthu ali mu minibasi aziwerenge isanadutse.

Lebulo ndi nkhani ina, ndipo inu telala mukuidziwa kuposa ine: ulusi uli ndi kunenepa kwake, sungajambule mzere woonda kuposa iwo wokha. Ngati dzina ndi lalitali, ikani chilembo choyamba chokha, chachikulu, pa lebulo lolukidwa, dzina lonse lipite pa kakhadi kolendewera ka pepala lolimba. Pamenepo Didot amamasuka.

Ngati m'dzinamo muli ŵ kapena ng', yesani kaye kuzilemba. Zilembo zina zokongola za pa intaneti zilibe ŵ, ndipo kompyuta imabwereka wa mtundu wina mwakachetechete, n'kukhala ngati chigamba cha nsalu ina pa diresi la mkwatibwi.

Musanalipirenso ngwee iliyonse, apempheni akusindikizireni zilembo zitatu zoyamba pa pepala wamba, pa saizi yeniyeni ya chikwangwani. Mumate pakhoma la shopu, muwoloke msewu masana dzuwa lili pamutu, mubwerenso madzulo. Ndipo fayilo muwapatse ya PDF, osati chithunzi chodutsa pa WhatsApp, chifukwa WhatsApp imafinya chithunzi ndipo timizere toonda ndito timayamba kufa.